Mwala wa Kumapazi

Lobi, Dedza
16 Juni 1983

Wokondedwa mlongo wanga Jesinta,

Ndikhulupirira uli bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno amayi ali bwino. Ine ndilipo.

Ukuukumbukira mwala uja amayi ankaukwirira m'phulusa madzulo a Juni tili ana? Ankaukulunga m'chitenje chakale n'kutiikira kumapazi, ife n'kumalimbirana mpaka tulo. Mwalawo ulipobe, ndipo ndi umene wandilembetsa kalatayi.

Chigubuduzikireni lole ija n'kundithyola msana, sindigona. Miyendo yomweyi, imene sindiimva ngakhale uitsine, usiku imandiwotcha ngati ili pamakala. Ndimataya zofunda. Amayi akaigwira amaipeza ili zii ngati madzi a pachitsime, basi amandiunjikira mabulangete atatu. Thukuta limangotuluka kumaso ndi pachifuwa. Ndimayamba kuwodzera atambala akulira, nthawi yomwe amalume a Gerevazio amafika kudzanditembenuza ndi kundisambitsa.

Ndawafotokozera amayi kambirimbiri zimene adokotala ananena, kuti kumunsi kwanga sikudziwanso kutentha ndi kuzizira, choncho chotentha chilichonse chisamandikhudze. Amayankha kuti adokotalawo sanagonepo ku Lobi mu Juni. Ndikaumirira amati digiri yanga ndi ya mbiri yakale, si ya miyendo, ndipo miyendoyi anabereka ndi iwo. Ndinkaphunzitsa ana makumi asanu m'kalasi imodzi, koma mayi mmodzi akundikanika. Mwina vuto ndi ine, ndimalankhula ngati buku.

Lachiwiri la sabata yatha ndinagona maola anayi athunthu. M'mawa amayi anabwera akumwetulira. Anaulula kuti anandilowetsera mwala uja ndili m'tulo, ndipo anandifunsa kuti tsopano wodziwa ndani.

Amalume atandivula sokosi anapeza thuza lalikulu pachidendene chakumanzere. Sindinamve kalikonse. Dzulo laphulika, lero akuti m'mbali mwake mwafiira. Iwe ndiwe namwino, ukudziwa kumene chilonda chotere chimathera pa munthu ngati ine.

Ndinawapempha amalume kuti asanene. Amayi ndi amene anandikakamiza kukwera lole ija kupita kumaliro ku Kaphuka, ndipo mpaka lero amatuluka panja nkhaniyo ikatchulidwa. Ndiwauze bwanji kuti andiwotcha? Ndiye usiku uliwonse ndimatseka maso, ndimadikira auike n'kutuluka, kenako ndimaukankha ndi ndodo mpaka ufike kukhoma. Kale zinkandiletsa tulo ndi miyendo. Tsopano ndikulondera mwala.

Chonde pempha tchuthi ubwere msanga ndi mankhwala ndi mabandeji. Udzavale yunifolomu yako yoyera ija, amayi amaimvera kuposa ine. Za chidendene tidzawauza tili awiri, ndekha ndalephera. Pobwerera udzapemphe mwalawo, udzati ana ako akuzizidwa ku Zomba. Sangakukanize.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni nonse.

Amayi aima pakhomo, khadi lachipani lolowera mumsika lili kale m'manja. Akupita kumsika ku Mayani, ndipo ndi iwo akaponye kalatayi. Lero lokha ndikuthokoza kuti sadziwa kuwerenga. Akuti ndikulembere kuti ndayamba kugona bwino chifukwa cha iwo. Ndalemba. Ndikupinda mapepalawa ndiwapatse.

Ndine mlongo wako,
Vinsenti