Mlenje wa a Sakala pa Mzere 143

Lamlungu, 19 Okutobala 1997

Kutentha koopsa. Masana masewera athu aja, m'kalasi ya katekisimu. Anthu atatu monga mwa masiku onse: a Bernado akatekisiti, a Yakobo a kukiliniki, ndi aphunzitsi a Simeoni Sakala, amene anandiphunzitsa masamu giredi seveni. Ine wofotokoza nkhani.

Mwezi wachisanu tsopano. Madayisi ndi malamulo ake anasiya m'bale wina wachizungu pobwerera kwawo. Aliyense ali ndi munthu wake wopeka. Ine ndimanena zimene akumana nazo paulendo, iwo amanena chochita, woweruza ndi dayisi wa mbali makumi awiri. A Bernado msilikali. A Yakobo sing'anga, poti kuntchito sawalola kubaya jekeseni. Aphunzitsi mlenje.

Manambala onse ali mu kompyuta ya ofesi ya parishi. Sipuredishiti: mizere ndi timabokosi, munthu aliyense mzere wake. Mphamvu, nzeru, katundu, moyo. Wina akalasidwa ndimachotsera pa moyo, makina amawerengera okha chotsala. M'mizeremo ndinalemba maina awo enieni, chifukwa opekawo sakhalitsa. A Bernado asintha kale katatu.

Bambo Mfumu anati kompyuta si ya masewera. Ndiye tebulo langa la manambalawo ndinalibisa pansi penipeni pa tsamba la maina a omwalira. Kumeneko iwo safikako.

Aphunzitsi aonda. Lamba aboolanso pena.

Lamlungu, 26 Okutobala

Mlenje wafa. Powoloka mtsinje, ng'ona. Dayisi wagwa pa 1, moyo unatsala 4, ng'ona yachotsa 6.

A Bernado avula chipewa. A Yakobo ati iwo monga sing'anga ayesetsa mbali yawo, mawu omwe amanena kuntchito. Ine ndati dayisi anagunda buku, tiponyenso. Aphunzitsi akana, akuseka mpaka chifuwa chawagwira. "Kristina, sikisi kuchotsa pa folo sizitheka. Wafa basi."

Apita kwawo akukankha njinga. Kukwera sakuthanso.

Lolemba, 27 Okutobala

Mzere wa aphunzitsi ndauchotsa pakati pa amoyo, ndaukweza pamwamba pang'ono mpaka adzasankhe munthu wina. Dzina, ndi tsiku: 26/10/97.

Nyerere m'kabati ya shuga.

Lachisanu, 31 Okutobala

Tsiku lonse maina a omwalira, oti awerengedwe pa Misa za Novembala. Timapepala ta ku Zemba, ku Mlolo, ku Pembamoyo, tina ta m'kope, tina ta paketi ya sopo. Maina 142. Chaka chatha 96. Asanu ndi awiri ndinali nawo kalasi imodzi.

Jenereta ikutsokomola, dizilo watsala pang'ono. Ndasindikiza mothamanga, masamba atatu, osawerenganso. Ndapereka kwa a Bernado.

Lamlungu, 2 Novembala

Mulungu wanga.

Mndandanda unakula mpaka kukafika pa mzere uja. 143: Simeoni Sakala, 26/10/97. A Bernado akayamba kuwerenga ali ngati njinga yopanda mabuleki. Alitchula, momveka bwino, tchalitchi chodzaza. Azindikira dzina litatuluka kale. Andiyang'ana. Ine maso pansi.

Aphunzitsi kunalibe, anadzuka mofooka. Misa isanathe amayi a kwaya anayi anyamuka, ulendo kunyumba kwawo, kulira kuyambira pa mjigo. Ena kudandaula kuti maliro a munthu wotere aikidwa bwanji osamveka. Akawapeza pakhonde akudya mango.

A Mailesi, akazi awo, akuti anagwa pansi. Anayesa kuti kukiliniki kwanenedwa zimene iwo sanauzidwe.

Masewera kulibe lero. Sindinadye.

Lolemba, 3 Novembala

Bambo Mfumu mphindi makumi awiri. Sanakweze mawu, bola akanakweza. Afunsa kuti ng'ona yalowa bwanji m'mabuku a parishi. Ndafotokoza. Afunsanso. Ati dzinalo lichoke, tebulo langa lichoke, ndipo ndikapepese ndekha. Papepala ndakhwatcha ndi bolopeni. Mu kompyuta sindinathe, jenereta yafa, yapita ku Chipata.

Kumsika amayi a tomato andipatsa chenje osandikhudza dzanja. Zayamba kumveka kuti mtsikana wa ku ofesi amalemba anthu m'makina asanafe. Wina wafunsa mlongo wanga ngati dzina lake lilimo.

Ufiti wa giredi twelofu ndi satifiketi ya taipi. Ndikanaseka.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndapita. Nkhuku m'manja, yoyera ija ya amayi.

A Mailesi sanandiyalire mphasa. Nkhuku alandira, ine ayi. Anangoti, "Munthu akudwala, inu mukumuyeserera manda." Alowa m'nyumba.

Aphunzitsi pampando wa ndalema, bulangete m'miyendo dzuwa lonseli. Ndagwada. Ati ndidzuke ndikuipitsa siketi. Kenaka mafunso: analira ndani, anayamba ndani, a hedimasitala anaoneka bwanji. Ndawatchulira. Awerenga pa zala. "Ochepa. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikuphunzitsa, amayi anayi?"

Ndalira ine. Ati tsopano asanu.

Akufuna munthu watsopano. Osati mlenje, akuti mlenje amayenda kwambiri. Woimba ng'oma. Masewera akhale pakhomo pawo Lamlungu.

Ndimawakonda bambo amenewa. Atate anga atamwalira ndi iwo anabwera kunyumba kudzanena kuti mwanayu asasiye sukulu. Sindinawathokozepo bwinobwino, koma kuwapha pa Misa ndakwanitsa.

Lamlungu, 9 Novembala

A Bernado awerenga mndandanda pang'onopang'ono, chala pa mzere. Pothera aima, apuma, akhala pansi. Tchalitchi chonse chinali kudikira pomwepo.

Masana kwa aphunzitsi. Tebulo ndajambula pamanja ndi rula, kuwerengera ndekha. Woimba ng'oma ndamupatsa moyo 30. Malamulo amati 12. Aphunzitsi aitanitsa pepala, ayang'ana, abweza. Ati ndikonze. Ndakonza.

Achifwamba pamlatho. Ndaponya dayisi wa muvi wawo kuseri kwa buku, wagwa pa 19, ndanena kuti 2, muvi waphonya. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu aphunzitsi agwira dzanja langa. Dzanja lawo lopepuka, lotentha. "Usandinamize, Kristina. Onse akundinamiza kale. Iwe ponya poyera."

Ndaponya poyera. 3. Waphonyadi. Aseka mpaka a Yakobo awagwira msana.

A Mailesi anali pakhomo la khitchini nthawi yonseyi, akusenda mtedza. Pochoka sananditsanzike. Koma anamva kusekako.

Lachitatu, 12 Novembala

Mvula yoyamba. Aliyense kumunda. Jenereta sinabwere.

Lamlungu, 16 Novembala

Tinapita atatu, masewera sanachitike. Aphunzitsi ali m'nyumba, sakudzuka. A Mailesi alola a Yakobo okha kulowa. Ine ndi a Bernado pakhonde, madayisi m'thumba. Patapita nthawi a Mailesi atulutsa mphasa, aiponya pafupi ndi ine. Ndakhalapo.

A Yakobo potuluka sananene kuti ayesetsa mbali yawo.

Lachiwiri, 18 Novembala

Jenereta yabwera dzulo. Mmawa uno Bambo Mfumu pakhomo la ofesi: lero lomwe, dzina lija. Ndayatsa. Tebulo la masewera ndafufuta lonse, msilikali, sing'anga, miyezi isanu. Sizinatenge ndi mphindi. Kwatsala 143.

Belu la njinga panja. A Yakobo, matope mpaka m'mawondo, chipewa m'manja. Ayang'ana pa kompyuta, ati ndisafufute.

Aphunzitsi atisiya mbandakucha wa lero. Mwakachetechete, akuti.

Atumidwa ndi a Mailesi. Mawu awo: dzinalo ndilisiye pomwepo, ndikonze tsiku lokha. Ndipo pobwera kumaliro ndibwere nalo pepalalo, aone ngati ndalemba bwino.

Ndafufuta 26/10. Ndalemba 18. Mwezi ndikuudziwa, koma mpaka pano sindinaulembe.