Makatani Akadali Otsegula

Hafod Wen,
Llanfechryd,
21 Epulo, 2026.

Okondedwa Achimwene Emyr,

Musadabwe kulandira kalata ya papepala. Intaneti ya kuno mwaiona nokha Lachisanu lija, ndiye ndati bola pepala, silithawa munthu ali pakati polankhula. Ndalemba m'Chiwelishi dala. Ngati ku Canada kwakudyerani chilankhulo, muwerenge pang'onopang'ono, simukuthamangira basi.

Kuno tili bwino, monga amayankhira munthu wosafuna kufunsidwa zambiri. Nkhosa zatsala pang'ono kumaliza kuswa. Galu wanu Fflei wakalamba, koma akamva galimoto kumsewu amathamangirabe kugeti, kenaka n'kubwerera mchira uli pansi. Kaya amadikira ndani. Ine sindidikira munthu.

Za Bambo mumafunsa mothamanga, choncho ndikuuzani mofatsa. Chiwagwireni sitiroko ija, Chingerezi chinawathawa chonse, kwatsala Chiwelishi chokha chimene anayamwa. Mwezi watha atawagoneka kuchipatala, namwino wina, mtsikana waulemu ndithu, anawafunsa m'Chingerezi ngati akumva kupweteka. Bambo anamuyankha bwinobwino kuti mwendo ukuwawa, ndiponso kuti tiyi wa pamenepo ndi madzi otsukira mbale. Iye sanamve kanthu, n'kulemba kuti nkhalambayi yasokonezeka mutu. Ine ndinali ndisanafike, popeza basi ya m'mawa anaichotsa, ndipo galimoto ya Bambo yasanduka moswera nkhuku m'shedi chichokereni inu. Mutu wawo masiku ena umakhaladi mwa nkhungu, sindikana. Adokotala akuti sitiroko ina ikhoza kubwera nthawi iliyonse, ndipo ikadzabwera sidzasiya zambiri.

Lachinayi madzulo kunali mtsutso wa ofuna mavoti kuholo ya m'mudzi. Mayi Olwen, aja amaona pakhomo pathu ali pazenera la khitchini yawo kutsidya, anadzipereka kukhala ndi Bambo, ine n'kupita. Muholomo munadzaza, achimwene, kuposa tsiku la mpikisano wa makwaya. Woyamba analonjeza mabasi. Wachiwiri anati akapambana, chingwe cha intaneti chifika pakhomo lililonse m'chigwa muno. Asanamalize, a Tegid, mkulu wa mpingo uja, anakuwa ali kumbuyo: "Chingwe chinafika kalekale, mwana wanga! Chadzikulunga papholo la pageti langa ngati njoka yokhuta. Mwina nachonso chikudikira basi!" Anthu anaseka mpaka wotsogolera msonkhano kumenya tebulo.

Wachitatu ndiye anandiyambitsa. Anati ndalama zimene zimathera pa zikwangwani za zilankhulo ziwiri ndi kuphunzitsa ogwira ntchito Chiwelishi bola zikanapita kuchipatala, poti Chingerezi aliyense amamva. Ndinangoona ndaimirira.

"Pepani bwana," ndinatero, "inuyo mukadwala mumabuula m'chilankhulo chanji?"

Anayamba kufufuza m'mapepala ake, ngati yankho lili momwemo.

"Bambo anga atsala ndi chilankhulo chimodzi, mwendo wabwino umodzi, ndi mwana mmodzi wowakweza pabedi. Kuchipatala sawamva. Basi yopitira kumeneko kulibe. Mwana wawo winayo amaoneka pakompyuta atayasama ngati nsomba yamufiriji. Nonsenu mwagawana mavuto angawa, aliyense watenga lake lokomera pamsonkhano. Nanga ine amene ndawasenza onse, ndivotere uti?"

Inde, ndinakutchulani. Dzina sindinanene, koma muholo muja theka la anthu linakusinthanipo thewera. Wachinayi, mnyamata wina dzina lake Pryce amene Chiwelishi anaphunzira atakula, ananditsatira pakhomo n'kunena kuti adzabwera mawa lake kudzaona Bambo. Ndinamuuza kuti abwere ndi nsapato za matope.

Tsopano za Lachisanu. Inu mukudziwa mbali yanu yokha. Munati mudzaimba musanapite kuntchito, kuno kukhala masana. Ndinawameta ndevu Bambo, kuwaveka shati yoyera, n'kuwakhazika m'chipinda cha kumsewu, poti netiweki imagwirako pang'ono momwemo. Dzuwa linali likuwomba pagalasi la kompyuta, Bambo n'kumadandaula kuti akungodziona okha. Ndinanyamuka n'kutseka makatani. Ine ndemwe, wobadwira m'nyumba muno, osaganiza n'komwe.

Munaoneka. Munati, "Bambo, muli..." basi intaneti n'kuduka, nkhope yanu n'kuuma pakompyuta pomwepo. Iwo sanadziwe. Anakusimbirani za nkhosa yakuda imene yaswa mapasa, anakufunsani ngati mukudya, anati tsitsi lakula. Kenaka ananditembenukira: "Mnyamatayu bwanji sakuyankha? Ndamulakwira?" Ndinazimitsa, kuyatsa, kukweza kompyuta pamwamba pa piyano, kutukwana pang'ono. Za makatani ndinaiwaliratu.

Mukukumbukira, kapena nazonso zinatsala pabwalo la ndege? Kuno makatani a chipinda cha kumsewu satsekedwa dzuwa likuwala pokhapokha m'nyumba muli maliro. Komaliza tinawatseka tsiku la maliro a Mayi.

Mayi Olwen anaona ali kukhitchini kwawo. Uthenga wa maliro sufuna chingwe cha boma, achimwene. Ndisanathe kulimbana ndi kompyuta, kunamveka kugogoda. Kutsegula, ndi iwo, atavala zakuda, m'manja keke yazipatso, m'thumba tiyi, shuga ndi batala, monga achitira anthu pa nyumba ya siwa. Kumbuyo kwawo a Tegid, tayi yakuda, chipewa pachifuwa. Kugeti ena akutsika m'galimoto.

"Mwana wanga," anandikumbatira Mayi Olwen, "wawasamala mpaka mapeto. Apumula."

"Ndani wapumula?"

Pomwepo mawu anachokera m'kati: "Mared! Ndani akulowetsa mphepoyo?"

Mayi Olwen anakhala pansi pakhonde pomwepo. Keke sanagwetse, mukuwadziwa. A Tegid anasuzumira m'chipinda, n'kuwapeza malemu ali tsonga, ndevu zometa.

"Idwal, nkhalamba yopanda manyazi iwe! Wandivalitsa tayi pachabe!"

"Tayi imeneyo," anatero Bambo, "ndikadzafa zenizeni usadzabwere nayo. Ili ndi msuzi wa maliro a mkazi wanga."

Anthu sakanabwerera ndi makeke awo. Ndinateleka ketulo, ndinatulutsa makapu a Mayi aja a m'kabati, chipinda n'kudzaza zovala zakuda ndi phwete. Ndiye Pryce uja n'kufika. Wina anali atamuuza kumsewu kuti kwagwa zovuta, iye n'kulowa nkhope ili pansi, nsapato za matope zili kumapazi monga ndinamulamulira. Anaona nkhalamba yovala shati yoyera pakati pa anthu, anayesa ndi mbale wa womwalirayo. Anawagwira dzanja n'kunena m'Chiwelishi chake cha m'buku chija: "Pepani kwambiri. Ndamva kuti anali munthu wabwino."

"Ndani?"

"A Idwal."

"Analidi," anatero Bambo. "Koma voti yake simuiona."

A Tegid anatsamwa ndi tiyi. Mnyamatayo anafiira mpaka makutu, koma sanathawe, ndimupatse zake. Anakhala pansi n'kumamvetsera Bambo akusimba za mwendo wawo, ndipo anamva zonse. Sindinaone Bambo akusangalala chonchija chaka chino.

Kenaka nkhungu ija inabwera. Ndimaidziwa ikamayamba, maso awo amakhala ngati akuwerenga nkhosa paphiri. Anayang'ana zovala zakuda, makapu a Mayi, makatani amene anali akadali otseka. Anayang'ana nkhope imodziimodzi mpaka kuchitseko. Anandikoka malaya.

"Emyr wafika?"

"Ayi Bambo, Emyr ali ku Canada."

"Koma anthu avala zakuda," anatero. "Pamaliro amabwera. Muikire kapu."

Mayi Olwen anayamba kudula keke imene inali yodulidwa kale. Ndinaika kapuyo, achimwene. Ndikanatani? Ndinatsegula makatani, iwo n'kupempha kuti nditembenuze mpando uyang'ane kugeti. Anthu anatsanzika mmodzimmodzi, aliyense akuwagwira paphewa, iwo osacheuka. Fflei anakagona pamapazi pawo, onse awiri maso kumsewu. Tiyi wanu anazizira, ndipo nditafuna kuchotsa kapuyo anandimenya padzanja.

Anena zoona. Chichokereni mwabwera kamodzi, kudzaika Mayi m'manda, ndipo maluwa asanafote munali mutakwera ndege, kundisiyira nkhosa, nkhalamba ndi mayeso anga a kusukulu amene sindinakalembenso. Sindinakukhululukireni. Musabwere mukuyembekeza misozi pakhomo, mudzapeza ndowa ndi fosholo. Koma sindifuna kuti Bambo aziganiza kuti njira yokhayo yokuonerani ndi kufa. Munthu wouma mutu ngati iwo akhoza kuyesa.

Za chisankho musandifunse, sindinadziwebe kochonga. Onse anayi akuti adikireni, zabwino zikubwera. Ine mawu amenewo ndinawamva kale kwa inu.

Mukatsika sitima musavutike kufunsa za basi. A Tegid ati adzakutengani pasiteshoni, ndipo ati mudzakhala kumbuyo ndi nkhosa, ndiwo malo a anthu othawa kwawo. Chipinda chanu ndatsegula mazenera ndi kuyala zofunda zina, chifukwa cha chinyezi, musadzimve. Nsapato zanu za kuphiri ndazipaka mafuta poti chikopa chimang'aluka. Mukafika musawalankhule Bambo Chingerezi, angakuyeseni namwino. Ngakhale mutapunthwa mawu, adzakumvani. Anamva Pryce.

Mayi Olwen akupereka moni, ati keke ina aphika mukabwera, ndipo aibweretsa atavala zofiira. Fflei sapereka moni, ali kugeti. Bambo ndawauza kuti ndikukulemberani, ati ndikuuzeni kuti mumete tsitsi, ndiponso kuti mwana wankhosa mmodzi wa mapasa aja sanamupatse chizindikiro kukhutu, akudikira dzanja lanu. Kapu ija ikadali patebulo. Ndimaitsuka m'mawa uliwonse n'kuibwezera pomwepo.

Makatani ndawamangirira kukhoma ndi chingwe cha mabelo a udzu, dzuwa liwombe mmene lingawombere. Tsiku limene ndidzadule chingwe chimenecho, sindidzakulemberani, mudzamva kwa Mayi Olwen. Bwerani akadali otsegula.

Ndine mlongo wanu, yemwe uja wapakamwa,

Mared.