Mvula Imene Ndinabisira Atate

Nachisaka, Dowa
19 Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Tomasi,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako, wa alamu anga ndi wa ana kumeneko ku Joni. Ife kuno tadzuka, kungoti mwendo wanga uja sunasinthe. Ndasankha kalata chifukwa pafoni umandidula pakamwa ndi nyimbo yako ya "ndibwera chaka chamawa", imene waimba zaka khumi ndi chimodzi.

Atate akwanitsa zaka 101. Maso anatha, makutu atsala pang'ono, koma mutu ukadali wawo. Masana amakhala pakhonde atayang'ana kumapiri a Ntchisi amene sawaonanso. Nkhungu ikawakhudza kumaso amati nyumba yayamba kuyenda, mapiri akukwera ndi kutsika ngati mafunde, ndipo iwo ali ndi zaka 18, akuthira malasha m'sitima ya nkhondo ija anakwera ku Mombasa. Amagwira mpando mwamphamvu, akumwetulira. Ine sindiwatsutsa.

Tsiku lina ali paulendo wawo womwewo anandiuza za mnzawo Filipo wa ku Madisi, amene anafera m'sitimamo. Akuti anamusokera m'chinsalu, napemphera mwachidule, n'kumutsitsira m'nyanja. Nkhondo itatha, mayi a Filipo anawapempha kuti awalozere manda akasese. Atate analibe poloza. Akuti kuyambira pamenepo anapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti iwo adzagone m'dothi.

Ndiye mu Okutobala anandiuza kuti agwirizana ndi Ambuye. Sakufuna kupita nthaka ili gwa, chifukwa adzukulu okumba manda angathyoke misana pa nkhalamba yopanda mnofu. Adikira mvula yokwana inchi imodzi pa tsiku limodzi, yofewetsa pansi, kenaka anyamuke. Ananena izi ngati akunena za basi ya ku Mponela. Ndinaseka, koma ndinadziwa kuti sakucheza. Ukuwadziwa Atate. Zaka zonse zimene anagwira ntchito yofufuza za nthaka, ngakhale pa ukulu wa mpingo, sananenepo chinthu n'kuchisiya panjira.

Ukukumbukira choyezera mvula chawo kuseri kwa nkhokwe? Chikadalipo, ndi buku lake lomwe, limene analiyamba mu 1958. Masiku ano ndine ndimapita m'mawa kukawerenga, n'kuwauza, n'kulemba.

Tomasi, ndachimwa. Chizimalupsa chitagwa ndinanena zoona, chifukwa chinali chochepa. Koma pa 6 mwezi uno inagwa mvula yeniyeni, madzi anadutsa mzere wa inchi. Ndinathira madziwo pa tsinde la ndimu. Ndinawauza kuti inangowaza, ndipo m'buku ndinalemba theka la inchi. Pa 11 ndinachitanso chimodzimodzi. Anthu akudzala m'mudzi monse, ine ndikuuza bambo anga kuti kunja kuli fumbi. Ndinkaganiza kuti ndikukusungira iwe masiku.

Dzana anandipempha kuti ndiwayendetse kumunda. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo atandigwira paphewa. Pa mzere woyamba anagwada, nalowetsa dzanja mpaka m'chigongono, natulutsa dothi n'kulifinya. Linagwirana. Analinunkhiza nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti abwereranso kunyanja kwawo.

Sanakalipe. Anangoti mvula imeneyi yaposa inchi kawiri konse, ndipo anaimva fungo tsiku lomwe inagwa. Anati mvula amatumiza ndi Mulungu, munthu ntchito yake n'kulemba imene yagwa, osachotsapo. Ndinalira ngati mwana pamundapo, ine mayi wa zaka 66. Anandipukuta nkhope ndi dzanja lamatope lomwelo, n'kundifunsa ngati ndinkachitira iwe. Ndinavomera.

Titabwerera anandiuza kuti ndikonze manambala awiri aja, osafufuta, koma ndidutse mzere kuti bodza lizioneka. Kenaka anati popeza mvula ziwirizo sanauzidwe, apempha Ambuye kuti asaziwerengere. Koma yachitatu akuti ndiwatengere botolo la choyezera mvula aikemo chala chawo.

Sinditayanso madzi, Tomasi. Sindingathe. Pamene ndikulemba pano kumadzulo kwa Ntchisi kwada, ndipo nyerere zikusamutsa mazira pakhonde. Kalatayi ndiijambula ndi foni ya mwana wanga Thandiwe kuti ikupeze lero. Usandiimbire kuti tikambirane, ingokwera basi. Atate afunsa kawiri ngati mawu ako anasintha, chifukwa nkhope sadzaiona.

Upereke moni kwa alamu, kwa mwana wako Madalitso ndi kwa wamng'ono uja sitinamuone. Ambuye akuyendetse bwino pamsewu, ndipo ngati n'kotheka, agwireko mitambo masiku atatu.

Ndine mlongo wako,
Roza