Kamatiresi Kandigoneka kwa a Swaibu

Mayi a Tadala,

Pepani, chimanga chija ndachisiya kuchigayo, mukachitenge asanatseke. Wolakwa si ine, ndi kamatiresi.

Paja mawa akandiyesa ntchito yonyamulira alendo katundu kuphiri la Mulanje, ndiye ndinalowa mushopu ya a Swaibu kukafuna chogonera chopepuka. Kopopa kaja ndakakana, munga ukangokabaya basi wagona pansi. Ndasankha kasiponji kopyapyala, konyezimira mbali imodzi, akuti sikalowetsa kuzizira. Ndinati ndikayese pasimenti pomwepo. Mayi, ndadzidzimuka a Swaibu akundigwedeza, makasitomala akundidumpha!

Ndangotenga chikwama, minibasi ikudzaza. Za chifuwa changa musadandaule. Ngati simenti ya a Swaibu yandilephera, phirilo lichepa. Ntchitoyi ndibwera nayo.

Wanu wogona m'mashopu,
Melvin