Chaka Chimene Mkango Sunalume

Lolemba, 30 Disembala

Zipatala zazing'ono zatseka mpaka pa 4, ndiye tauni yonse yakhamukira mu famase mwanga, aliyense ndi mphuno yake. Anthu 23 adziyeza fuluwenza kuseri kwa katani lero. Khumi ndi anayi, mizere iwiri, kutanthauza kuti ali nayo. Miyendo sindikuimvanso.

Natsumi, mpongozi wanga, wagulira khanda lake Sayo kachipewa kofiira koti adzavale mkango ukabwera Lachinayi, uja wa chigoba chamatabwa umene umavina khomo ndi khomo pa chaka chatsopano. Akuti mwana wobadwa masiku osakwana ndiye woyenera kulumidwa mutu kuposa onse, kuti akule wopanda matenda. Masabata asanu ndi awiri tsopano, koma akupepukabe ngati kamphaka.

Lachiwiri, 31 Disembala

Ndili pafupi kutseka, atulukira a Genzo, amene avina mkango wa pakachisi pathu zaka makumi atatu. Tinaphunzira kalasi imodzi, ndipo mutu wawo ndi wouma kuposa wamatabwa umene amanyamulawo. Ati akungofuna timaswiti ta pakhosi. Maso ali psuu, thukuta kamukamu, kunja kuli chipale chofewa.

"Lowani kuseri kwa katani," ndatero.

"Iwe Fumie, udokotala unauyamba liti? Thonje lakolo kalowetse m'mphuno za ena."

Alowabe. Thupi 38.7. Mizere iwiri mphindi zisanu zisanakwane. Ndawauza kuti akhale m'nyumba masiku asanu, mkangowo apatse wina.

"Ndipatse ndani? Anyamata onse ali ku mizinda. Chaka chomaliza chimene mkango sunatuluke ndi chija mtsinje unasefukira. Pofika Lachinayi ndikhala nditachira." Kenako akuvala chipewa: "Zimenezi zithere kuseri kwa kataniku. Si lamulo la ntchito yako limenelo?"

Ndi lamulodi. Munthuyu amadziwa pondigwira.

Lachitatu, 1 Januwale

Chaka chabwino, akutero anthu. Msuzi wa mochi, timikate ta mpunga tija, sunandilowe.

Ndayesa kuzungulira. Ndauza Natsumi kuti kunja kwazizira, mwana angoonera pazenera. Wayika mbale pansi pang'onopang'ono n'kuti, "Amayi, chilichonse chimene ndakonza ine mumachipezera chifukwa." Mwana wanga Takuma wangoyang'ana m'mbale mwake, monga mwa nthawi zonse. Zandipweteka, chifukwa nthawi zina mtsikanayu amanena zoona.

Ndayimba kwa a Genzo katatu. Ayankha akazi awo, akuti ali bwino, adya. Ndikumva ndithu munthu akutsokomola kumbuyoko.

Kamwa la mkango lili pankhope penipeni pa wovinayo. Mwana akalowetsamo mutu, amapuma mpweya wa a Genzo. Pamndandanda wa olumidwa pali makanda asanu ndi awiri ndi nkhalamba zosawerengeka, ndipo nyumba yoyamba ndi yathu, poti tayandikana ndi kachisi. Ndikaulula, ndani adzalowenso kuseri kwa katani yanga? Azidzangoyenda nawo matendawo chinunu. Ndikakhala chete, ndi Sayo.

Lachinayi, 2 Januwale

Ng'oma ndi chitoliro zayamba 9 koloko. Natsumi ali pakhomo, mwana m'manja, kachipewa kali pamutu. Mkango ukubwera ukugwedeza nsagwada, koma mavinidwe ake a munthu woyenda pamatope.

Sindikudziwa kuti ndaganiza nthawi yanji. Ndangozindikira ndadutsa Natsumi, ndafika pageti, ndawerama n'kulowetsa mutu wanga wonse m'kamwa muja. Anthu aseka, wina n'kuti agogo asirira za makanda.

M'katimo munali mdima, motentha ngati mu uvuni. Nkhope ya a Genzo pafupi ndi yanga, masiki itatsikira pachibwano, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Genzo," ndanong'ona, "kuyambira tili ana sindinakupemphepo kanthu. Mwana uja sakwana makilogalamu atatu. Ukamuluma, ndidzasungabe chinsinsi chako, koma akadwala udzanyamula wekha."

Anditsokomolera kumaso kawiri, kenako nsagwada zatseguka.

Mkango wabwerera m'mbuyo, wagwada pageti, wagunditsa mano katatu m'mwamba, n'kupitirira. Wachita chimodzimodzi nyumba zonse. Wolumidwa chaka chino ndi ine ndekha m'tauni muno.

Natsumi walira. Akuti ndamulanda mwana wake mwayi, ndipo mkango wakwiya chifukwa cha ine. Ndangoti pepa. Ndatenga bulangete, ndanama kuti kuntchito kwachuluka, ndizigona m'kachipinda ka kuseri kwa famase, kutali ndi Sayo.

Lachisanu, 3 Januwale

Makasitomala akunong'onezana kuti mayi Fumie ayamba kusokonekera ndi ukalamba. A Genzo akuti agonekedwa pachipatala chachikulu, koma akupeza bwino.

Loweruka, 4 Januwale

Ndadzuka mafupa onse akuwawa. 38.2. Ndadikira mpaka masana, poti ukafulumira kachipangizo koyezera kamanama. Ndakhala pampando womwe uja kuseri kwa katani, ndalowetsa thonje, misozi mbwembwembwe monga amachitira onse amene ndimawauza kuti sizipweteka. Mizere iwiri.

Ndapachika chikwangwani chotseka. Cha m'ma 3 ndamva kugogoda pagalasi lakutsogolo. Natsumi, atanyamula kapoto ka phala la mpunga, Sayo ali pachifuwa m'kati mwa jasi. Ndamukodola kuti asalowe, n'kumuonetsa kachipangizo kudzera pagalasi.

Wayang'ana mizere ija nthawi yaitali. Kenako wayang'ana kumtunda kumene kuli kachisi, n'kundiyang'ananso ine.

"Amayi," watero, mawu akumveka movutikira pagalasipo, "m'kamwa muja munakanenamo chiyani?"

Ndapukusa mutu. Wayika kapoto pakhomo, watsegula jasi pang'ono n'kutembenuza mwana kuti ndimuone nkhope. Ali mtulo, kachipewa kofiira kali pamutu.

"Thupi lili bwino, 36.8," watero. "Ndamuyeza kawiri."