Kadontho Kofiira pa Kabuleta

Lachitatu, 14 Juni

Okondedwa achimwene,

Lolemba la sabata yatha pikapu munandisiyira ija inandizimira pa maloboti a kufupi ndi chipatala, nditanyamula simenti ya anthu. Ndinangoponda buleki, injini n'kutsokomola kawiri, zii. Thukuta limene ndinatuluka silinali la mahutala a anthu am'mbuyo ayi, ndinkaganiza za alamu anu. Mwezi wawo ndi uno, ndipo anamwino anatiuza mosabisa kuti poti woyamba uja anabadwa pa opaleshoni, zikangoyamba tisachedwe panjira.

Vuto la galimotoyi lili chonchi. Ikamathamanga ilibe mlandu, koma ikatentha n'kuima, imanjenjemera kenako n'kuzima. Ndinapita nayo kwa a Chindevu, amakanika anu aja. Anatsuka kabuleta, anaona mapulagi, anafufuza timapaipi ngati tikuba mpweya. Atatero anadikira injini itenthe, n'kupotokola kabawuti kakang'ono kaja kokwezera ndi kutsitsira kulira kwa injini galimoto ikaima. Inalira mosalala mpaka kunyumba. Mawa lake masana, zii pakati pa msika.

Ndinabwererako, anakonza, mawa lake chimodzimodzi. Apa mtima unayamba kundiuza zina. Paja amakanika ena amasiya kachilonda dala kuti uzibwerabe. Ulendo wotsatira ndinawafunsa a Chindevu anthu ali pomwepo kuti, "Bwana, kodi mukundiweta ngati nkhuku yoikira mazira?"

Anapukuta manja pang'onopang'ono, amvekere, "Iwe mphwanga, ine ndevuzi zamera ndikununkha petulo. Kabawuti aka sindinakasiye pamenepa. Alipo akukagwira kwanuko, kaya mfiti zanu zinaphunzira umakanika." Garaja yonse inafa ndi phwete.

Ndinayamba kuyang'ana ndi diso loipa aneba a lole aja, amene timalimbirana katundu, mpaka ndinasiya kuwapatsa moni. Kenako ndinabwereka utoto wofiira wa m'zikhadabo wa alamu anu, n'kudontheza pamutu pa kabawutiko kuti akakagwira ndidziwe. M'mawa ndisanakasambe ndinatsegula boneti, kadontho kali bwinobwino. Ndinapereka makiyi kwa abambo monga mwa masiku onse, poti mukudziwa kuti kutenthetsa injini m'mawa ndi ntchito yawo. Pobwera kosamba ndinasuzumiranso. Kadontho kanali katasweka.

Achimwene, sindikunena kuti ndi iwowo, maso anga sanaone. Koma kampeni kawo kopinda kaja, kamene amasendera malalanje, kali ndi kofiira kunsonga. Ndipo pa tiyi anandiuza okha kuti, "Galimoto iyi m'mawa ikumakuwa ngati chigayo, ikumwa petulo wa ulendo wa mpongozi wanga. Amakanika a masiku ano alibe makutu." Ndinangomeza tiyi wamoto.

Ndinakapepesa kwa a Chindevu mutu uli pansi, koma sindinatchule munthu. Iwo anati injini yozizira, choko chothandiza kuiliza m'mawa chija chili chokoka, imayenera kukuwa basi. Woitsitsa nthawi imeneyo ndiye kuti waipha, chifukwa ikatentha choko n'kubwerera, imatsala yopanda mpweya wopumira. Anandionetsa pomwe kabawuti kayenera kukhala, ndiye tsopano ndikumaima kuseri kwa sitolo ya pakona n'kukabwezera ndekha. Koma tsiku la alamu anu kudzakhala nthawi yoima pakona? Nanga ndikadzakhala kulibe, n'kuyendetsa wina wosadziwa?

Mwina munena kuti ungowauza. Ndinayesa kuzungulira. Loweruka ndinawauza kuti azipuma, injini ndizitenthetsa ndekha. Anangoti, "Chabwino, bwana dalaivala," n'kukakhala pa mpando wawo kuyang'ana khoma. Tsiku lonse sanadye. Chiwasiyitsireni chiwongolero chifukwa cha maso, makiyi am'mawa aja ndi okhawo awatsalira. Lamulungu ndinawabwezera. Alamu anu sindinawauze chilichonse, akungodabwa kuti utoto wawo ndikupita nawo kuti. Dzulo anandifunsa akuseka, koma maso osaseka, ngati ndapeza wina wopaka.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndalemba kalata chifukwa pa foni abambo amakhala pomwepo khutu lili tcheru. Aitaneni abwere kwanuko mpaka mwana abadwe. Munene kuti galimoto ya kuntchito kwanu ikulira moipa ndipo mukufuna khutu lawo, adzanyamuka tsiku lomwelo. Za kabawuti musatchule chonde. Mukatchula adzadziwa kuti ndinawatchera msampha ngati wakuba, ndipo sindidzathanso kuwayang'ana kumaso. Muyankhe msanga, masiku atha.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Kuno mwana wanu ali bwino, wayamba kuitana aliyense kuti agogo. Alamu anu akuti miyendo yatupa koma akulimba, chikwama cha kuchipatala chili kale pakhomo. Abambo nawo akupereka moni, akuti musade nkhawa ndi kalikonse, galimoto akuiyang'anira okha. Ndalekera pano chifukwa ndamva boneti ikutseguka panja.

Ine mng'ono wanu,
wa pikapu