Lachiwiri Lopanda Chisenga

Lachiwiri, 1 Okutobala 2024

Mnzanga Chisenga sanabwere. Ndamudikira pokwerera basi pano pa Kabwata, thawulo m'chikwama, mpaka dzuwa linafika pamutu. Foni yake imangoitana. Kusambira ndekha sindingathe, ndi iyeyo amandigwira pamimba m'madzimo. Ndangobwerera kunyumba ndikumutukwana mumtima.

Madzulo wandiimbira Katongo, mwana wake wa ku Kitwe uja. Akuti amayi ake apezeka m'tauni, pa Cairo Road, pakhomo pa nyumba imene tinkagwiramo ntchito yotaipa tili atsikana. Amachonderera mlonda kuti awatsegulire, ati achedwa, abwana akalipa. Ofesi ija inatsekedwa kalekale, pano amagulitsamo mafoni. Mlondayo ndiye anawapempha foni yawo n'kuimbira mwana.

Ndinakhala pansi, pasimenti penipeni.

Lachitatu, 2 Okutobala

Ndapita ku Chelstone kwa Chisenga. Ndamupeza akusesa maluwa a jakaranda pabwalo ngati palibe chachitika. "Shani iwe Imelda, wabwela na nkhope ya malilo, wafa ndani?" Tinaseka. Za dzulo sakukumbuka n'komwe. Makiyi a nyumba ndawapeza m'firiji. Wandifunsa kangapo ngati Febby wanga anachira, chonsecho mwanayo anachira kalekale, ndipo ndi iye anamusokera diresi la ubatizo.

Pobwerera m'basi ndimangoganiza za chaka chimene bambo a Febby anamwalira. Mwamuna wa Chisenga anali atatsogola kale. Ine ndinkangogona, makatani otseka. Iye anabwera, anatsegula mawindo onse, nati, "Zakuda tinavala, tavula. Manje chaka chilichonse tizichita chinthu chimodzi chamene sitinachitepo." Tinakwera sitima mpaka ku Livingstone. Tinavina pa ukwati wa anthu osawadziwa ku Kabulonga, mpaka anatipatsa keke. Chaka chino n'kusambira, padziwe la sukulu ina ku Woodlands, amalola azimayi Lachiwiri m'mawa. Iye ndi wa ku Samfya, anakulira m'madzi. Ine wa ku Katete, zaka 68, madzi ndinkadziwa a m'beseni basi.

Loweruka, 5 Okutobala

Msonkhano wa banja ku Chelstone. Ana onse abwera. Ine ntchito yanga inali kuwiritsa tiyi pambaula, magetsi kulibe chiyambire dzulo.

Adokotala akuti ndi matenda oiwala, ndipo sabwerera m'mbuyo. Ana agwirizana kuti apite kwa Katongo ku Kitwe, nyumbayi aikemo anthu a lendi.

Ndinalowa ndi makapu, n'kunena kuti abwere kwa ine, chipinda cha Febby chikungokhala. Katongo anadzagwada pafupi nane. "Ba Anti, tiziwa mukondana. Koma naimwe muli na BP. Akachoka osalaila, muzawathamangila na myendo iyo?"

Sananame mwanayo. N'chimene chikundipweteka. Zaka zoposa makumi anayi tili limodzi, ndinamugwira dzanja pobereka Katongo yemweyo, koma pa msonkhano wa banja ndine wa tiyi.

Mwini nkhani anali kukhitchini, akutsuka mbale zotsuka kale.

Lamulungu, 6 Okutobala

Febby wabwera kuchokera ku Lilayi ndi nkhuku yophika. Akuti, "Amama, musadzipweteke, ana awo alipo." Nkhukuyo ili m'poto momwemo.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Ndinapempha Katongo kuti atiperekeze kudziwe komaliza. Anakayika, koma analola. Anakhala m'galimoto panja.

Mayi ine, munthu uja atangolowa m'madzi anabwerera yense. Mawu ake aja, ukali wake uja. "Mutu pansi iwe! Leka kumenya manzi monga nkhuku!" Azimayi ena osambira nafe, ba Barbara ndi anzawo, akungoseka. Anandigoneka chagada, dzanja lake kumsana kwanga, nati ndiyang'ane kumwamba, ndisaganize kanthu. Ndinayang'ana. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Makutu ali m'madzi, phokoso lonse la Lusaka linazima. Ndikutembenuza maso, ndikumuona ali poteropo, manja onse m'mwamba, akuseka. Anali atandisiya kalekale. Ndinayandama ndekha, ine Imelda! Kenako mantha anandigwira, ndinamwa madzi, anandivuula akundinena kuti ndine chitsiru.

Kuchipinda chovalira ndinamupeza ataima ndi diresi m'manja, akulitembenuzatembenuza. Sakudziwa kuti mutu ulowa pati. Anandiyang'ana, misozi ili mbwee. "Imelda, chinachake chikunidya mu mutu. Usauze ana."

Ndinamuveka. Ndinamumanga mabatani. Sindinamuuze kuti ana akudziwa kale.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kulongedza katundu. Ine ndi Nsofwa, mkazi wa Katongo, timakulunga mbale m'manyuzipepala. Chisenga analowa, anaima pakhomo, nkhope inasintha. "Imwe amai, ndani wakulolani kutenga mbale zanga?" Ndinaganiza kuti n'nthabwala. Ndinati, "Iwe, ndine." Anandilanda mbale m'manja, inagwa, inasweka. Anakuwa kuti wakuba, wakuba, Katongo bwela. Aneba anasuzumira pampanda.

Nsofwa anandikokera panja, akupepesa. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Patapita kanthawi anatuluka yekha, anadzakhala pambali panga, nandifunsa chimene ndikulirira. Ndinati utsi wa mbaula. Anandipukuta ndi chitenje chake.

Loweruka, 12 Okutobala

Apita m'mawa. Chisenga amabayibitsa pawindo mosangalala, amayesa akupita ku ukwati.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndinadzuka, ndinaika thawulo m'chikwama, ndinafika pageti. Ndinabwerera.

Ba Barbara atumiza uthenga kufunsa ngati tili bwino tonse awiri. Sindinayankhe. Ndiyankha kuti chiyani.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndaimba ku Kitwe. Pafoni Chisenga sakulankhula, akuti amangoiyang'ana n'kuibweza. Nsofwa akuti tsiku lonse amakhala pabenchi pafupi ndi geti, chikwama pamiyendo, nsapato kuphazi. Aliyense wodutsa amamufunsa ngati basi ya m'tauni yapita. Chakudya akukana. Akuti sangadye, pali munthu amene akumudikira.

Nditadula foni ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti ana a nyumba yoyandikana asandimve. Madzi kunalibe. Anandimva.

Lamulungu, 20 Okutobala

Kutchalitchi. Azimayi a bungwe akuti ndilimbe mtima, Mulungu ndiye adziwa. Wina akuti bola sanamwalire. Wina akuti pamsinkhu wathuwu n'kungokhala pansi, kulera adzukulu, kudikira tsiku. Ameneyo ndinatsala pang'ono kumuponyera buku la nyimbo.

Wamaliro amamupepesa, amamukhalira m'nyumba, amamuphikira. Nanga amene mnzake ali moyo koma kulibe, amamutani? Palibe amene akudziwa. Inenso sindikudziwa.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndauza Febby kuti ndikupita ku Kitwe. Wakalipa. Akuti sindinayendepo ulendo wautali ndekha, akuti kukutentha, akuti BP, akuti ndidikire Disembala andiperekeze. Zoona zonse. Maulendo onse aja wotsogola anali Chisenga, ndi iye ankakangana ndi makondakitala, ine ndinkangonyamula nthochi.

Ndinati, "Mwanawe, Disembala n'kutali kwa munthu amene sakudya."

Kenako anati adzandisiya ku Intercity kokwerera mabasi, koma mankhwala ndiike m'chikwama cham'manja, osati chachikulu.

Ndakazinga nsawawa. Zapsererako pang'ono, iye amakonda zotero.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kitwe. Ndikulemba pakhonde la Nsofwa, miyendo yatupa ngati mitondo.

Ulendo unali wautali. Mbendera paliponse, lero ndi tsiku la ufulu. Ndinakhala ndi mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, tinacheza mpaka Kapiri, anandionetsa zithunzi za ana ake onse. Mnyamata wa katundu atafuna kuponya chikwama changa pansi pa matumba a makala, ndinamukalipira. Ine! Mawu anatuluka okha.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Anali pomwe Nsofwa ananena, pabenchi pafupi ndi geti, chikwama pamiyendo. Waonda. Diresi lake la maluwa achikasu likungolendewera.

Ndinaima patsogolo pake. Anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anawomba m'manja mwaulemu. "Mwaiseni mayo. Muli bwanji?"

Mwaulemu. Munthu amene wakhala akunditcha chitsiru chiyambire tili atsikana.

Ndinati ndili bwino, kaya inu. Anasendera kundipatsa malo. Ndinakhala. Ndinafunsa ngati akudikira basi.

"Niyembekeza mnzanga. Tili na pulogilamu."

"Dzina lake ndani?"

Anatsegula pakamwa. Anafunafuna, maso ali pamsewu, zala zikufinya chikwama. Silinabwere. Ndinaona mantha akuyamba kumukwera, ndiye ndinafulumira kunena kuti zilibe kanthu, mayina ndi ovuta masiku ano.

"Ni wamantha maningi," anatero. "Sangayende yekha. Nikachoka pano azasowa."

Ndinayang'ana kumbali. Ndiye ndinati nanenso ndilibe kothamangira, tingamudikire limodzi. Anavomera ndi mutu.

Ndinamasula kapepala ka nsawawa, ndinaika pakati pathu. Anayang'ana. Anatola imodzi, anaifikisa pakati pa zala, anauzira makoko. Anatolanso ina. Nsofwa anali pawindo la khitchini, dzanja pakamwa.

Tatha zonse. Wandifunsa ngati mawa ndidzabwerenso.